Amene Anatsitsa Swichi ku Chilomoni

Mu Blantyre monse, kuyambira ku Machinjiri mpaka ku Zingwangwa, munalibe firiji yomukanika Hawkins Namaona. Ankanena yekha zimenezi, ndipo ankanena mokweza. Ntchitoyi anaiphunzira ku Joni, n'kukainola ku Harare, ndipo ku Beira anadzutsako mafiriji a m'sitima zapamadzi eni ake atataya kale mtima. Anachoka kwawo ku Bangwe ndi sikuludiraiva imodzi m'thumba, pobwerako n'kutsegula shopu yakeyake ku Ndirande, jekete lachikopa lili paphewa. M'chaka cha 1997, anthu onse atamasuka pakamwa chifukwa cha matipate, pakamwa pa Hawkins ndi pamene panamasuka koposa.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankatha kumukhalitsa chete: Ida, mtsikana wa ku Chilomoni, mphunzitsi wa sayansi pa koleji ina mumzindamo. Loweruka la sabata imeneyo ankhoswe a mbali zonse ziwiri ankayenera kukumana koyamba kwawo kwa Ida, ndipo Hawkins anali atalengeza kale Ndirande yense.

Lamulungu masana, Lowerukalo lisanafike, awiriwa anakhala pafupi ndi chiwaya china ku Chitawira, akudya tchipisi m'pepala limodzi.

"Ukayandikira mbaula, ngakhale makala atakutidwa ndi phulusa, tsaya limamva kutentha eti?" anafunsa Ida.

"Limamva."

"Kumeneko n'kuwala, kungoti maso sakuona. Ozoni naye amatulutsa kuwala kotero. Ozoni ndi mpweya uja uli kumwamba kupitirira mitambo, umene umatitchinga kuti dzuwa lisatiotche. Masatelaiti amayeza kuwalako. Ine ndikuuza kompyuta kuti iwerengere kuwala kumene kuyenera kutuluka pa msinkhu uliwonse wa mlengalenga."

"Malo amenewo ndikuwadziwa," anatero Hawkins. "Ndege imene ndinakwera popita ku Joni inadutsa momwemo."

"Ndege sifikako, iwe. Komanso unandiuza kuti unapita pa basi."

"Basi inali pobwerera."

Ida anaseka mpaka kumumenya paphewa. "Tamvera kaye. M'munsi muno masamu ake ndi osavuta, chifukwa timpweya n'tothithikana, timagundana ngati anthu m'minibasi ya kwanu ku Bangwe. Koma kumwamba kwenikweni timakhala patalipatali, ndiye masamu akale amanama. Anga ndi atsopano. Pulofesa wina ku Ulaya akuti ndikamutumizira zotsatira mwezi uno usanathe, anditenga ndikapitirize sukulu."

"Tipitira limodzi. Azungu nawo mafiriji awo amafa."

"Kompyuta ndabwereka ku koleji, ili kuchipinda kwanga. Yakhala ikuwerengera usana ndi usiku, yatsala pang'ono kumaliza. Ikangozima, zonse zimayambiranso pansi. Amayi ndawaletsa ngakhale kusita, chifukwa simbi yathu imagwetsa magetsi."

Mawu amenewa analowa m'makutu mwa Hawkins koma sanapeze pokhala, chifukwa m'mutumo munali mutadzaza kale nkhani ya ku Beira imene ankadikira kuifotokoza. Chimene anamva bwino ndi chimene Ida ananena pambuyo pake.

"Atsibweni anga a Herbert sanakondwebe nawe. Dzulo amati, mkamwini wa mafiriji chotani pamene firiji ya m'nyumba muno inafa kalekale? Akuti ankhoswe ako adzamwa Fanta wofunda."

Hawkins anasiya kutafuna. "Anatero?"

"Usawalabadire. Iwo mtima wawo uli pa Stewart, poti ndi mphunzitsi mnzanga, ali ndi galimoto, ndiponso agogo ake anabatizidwa limodzi ndi agogo athu."

"Fanta wofunda," anabwereza Hawkins, akuyang'ana kutali.

*

Lachitatu m'mawa, Ida ali ku koleji, Hawkins anatsika minibasi ku Chilomoni ndi bokosi lake la zitsulo. Sanauze munthu. Ankafuna kuti a Herbert adzangoona ayezi.

Mayi ake a Ida, a Nambewe, anamulandira mwaulemu wa apongozi, nkhope atayang'ana kumbali. Anamulozera kukhitchini, iwo n'kutulukira kuseri kukayanika zovala. Munthu amene sanabweretse ankhoswe sayendayenda m'nyumba ya eni. Hawkins ankadziwa malire ake: khomo, khitchini, basi. Chitseko cha chipinda cha Ida sanachiyang'ane n'komwe.

Firijiyo inalibe matenda aakulu. Chimene chinapsa chinali soketi ya kukhoma, mawaya ake atasungunuka n'kumatirirana. Ndipo wamagetsi aliyense, kaya wa ku Joni, kaya wa ku Limbe, sagwira waya wamoyo. Hawkins anatuluka panja akuimba mluzu, anatsegula bokosi la mita, n'kutsitsa swichi yaikulu. Anadula, analumikiza, anamanga soketi yatsopano, n'kukakweza swichi ija. Firiji inayamba kung'ung'udza ngati mphaka wokhuta.

"Amayi, yadzuka!" anafuula. "Ikani mabotolo."

A Nambewe anayankhira kuseri komweko. "Mwagwira ntchito, bambo. Musachoke, mumwe tiyi."

*

Hawkins anadikira mpaka madzulo, chifukwa ntchito yabwino imafuna mboni. Galimoto ya Stewart inaima pakhomo. Munatuluka Ida, munatulukanso a Herbert, amene Stewart anawapatsa lifiti m'tauni. Ida anadabwa kumuona Hawkins pa sofa, ndipo atamva firiji ikulira anamwetulira mpaka m'maso.

A Herbert anatsegula firijiyo, anagwira botolo, anatseka, anatsegulanso. "Hm. Ikuzizira ndithu."

"Dikirani mawa, bambo," anatero Hawkins, atapinda mwendo pamwamba pa unzake. "Mudzachita kuswa ndi hamala."

Stewart anakhala pampando wa patsidya, makiyi a galimoto akuwazunguza pachala. "Achimwene, kodi mukudziwa kuti gasi wa m'mafiriji akalewa ndi amene akudya ozoni? Banja labwino zedi limeneli. Bambo akuboola kumwamba, mayi akuyeza bowolo."

A Herbert anaseka mpaka kutsokomola. Hawkins anakoka mpweya kuti ayankhe, yankho lalitali lodzera ku Harare, koma asanayambe kunamveka mfuu kuchipinda.

"Mayo! Mayo ine!"

Ida anatulukira pakhomo la chipindacho manja ali kumutu. "Yazima. Inazima n'kuyakanso. Zonse zapita! Magetsi anathima nthawi yanji?"

"Kuno sanathime," anatero a Herbert. "Wailesi ya aneba ndaisiya ikulira m'mawa, ndaipeza ikulirabe."

Pamenepo mawu a Lamulungu aja, amene anasowa pokhala, anabwerera onse pamodzi m'mutu mwa Hawkins. Ikangozima, zonse zimayambiranso pansi. Anaona dzanja lake lomwe likutsitsa swichi. Anamva mluzu wake womwe. Mwendo umene anaupinda uja unatsika wokha, kapu ya tiyi ili m'manja. Anatsegula pakamwa, koma anaona Stewart ndi makiyi ake, anaona a Herbert, ndipo munthu amene sankasowa chonena pa doko la Beira anasowa liwu ngakhale limodzi.

"Ndine, mwanangu."

Anali a Nambewe, ataima pakhomo la khitchini, chitenje atachigwira pakamwa. "Ndinasita bulauzi ya ku Mvano. Ndimati kamodzi kokha sikangavute. Magetsi anagwa, ndinakakweza ndekha."

"Amayi! Sindinakuuzeni? Sindinakupempheni?"

"Achemwali, inu mumamva ndi chiyani?" anakalipa a Herbert. "Mwana wavutika masabata onsewa, inu n'kumuphera tsogolo chifukwa cha bulauzi?"

A Nambewe anangowerama, misozi ikugwera pa chitenje.

Stewart anaimirira, mawu atawafewetsa ngati dokotala. "Ida, usalire. Ku Zomba mnzanga ali ndi kompyuta yothamanga kuposa iyi. Tikakhala kumeneko sabata imodzi, tikhoza kupezerera tsiku lisanakwane. Ndikutengerako ndine."

"Mwamva anthu othandiza?" anatero a Herbert, osayang'ana aliyense.

Hawkins anamaliza tiyi wake. Mpaka lero akakumbukira tsiku limenelo, chimene chimamutentha kumaso si swichi ayi, koma kuti anamaliza tiyi. Anatsanzika, ananyamula bokosi lake, ndipo a Nambewe, maso ali ofiira, anamuthokozanso chifukwa cha firiji.

*

M'mawa mwake sanatsegule shopu. Anakwera minibasi ya ku Bangwe kukaona amalume ake, a Januario, amene anali nkhoswe yake. Anawapeza pakhonde akupukuta nsapato, jekete limene anagula pa kaunjika ku Limbe litapachikidwa pa msomali kudikira Loweruka. Anawafotokozera zonse, maso ali pansi.

A Januario anaika nsapato pambali. "Anakuona ndani?"

"Palibe."

"Ndiye vuto lili pati, mphwanga?"

"Amalume, mayi aja akulira chifukwa cha ine."

"Iwo anena okha kuti anasita. Ngati simbi inagwetsanso magetsi, ndiye kuti chinthucho chikanafa ngakhale iwe ukanakhala ku Ndirande. Munapha awiri, wavomera mmodzi. Mulungu wakukonda."

"Koma woyamba ndinali ine."

"Unali ndi wotchi? Tamvera. Anthu a ku Chilomoni aja amatiyesa obwera, ngakhale amayi ako anabadwira pompano. Herbert akungofuna kachifukwa kakang'ono kuti atibweze pakhomo. Iwe ukufuna ukam'patse m'manja? Nkhani ngati imeneyi imanenedwa mwana woyamba atayamba kuyenda, anthu n'kuseka."

A Januario anamuyang'anitsitsa. "Iwe wayenda maiko, koma lero wakhala ngati nkhuku yonyowa. Dzuka, kamete tsitsi. Ine jekete ndagula kale, sabweza pa kaunjika."

*

Masana Hawkins analowa mu telefoni byuro ya pa msika wa Ndirande n'kuimba ku koleji. Anakonza mawu ake njira yonse. Ida atafika pa foni, mawu ake anali otopa.

"Hawkins? Ndimakuganizira."

"Ida, pali zimene ndikufuna..."

"Ndinawakalipira amayi utachoka. Mawu amene ndinanena sindinawanenepo chibadwire. Ndinati safuna kuti ndikhale munthu. Lero sanapite ku Mvano, kuyambira dzulo sanadye. Simbi ija aipereka kwa aneba."

Hawkins anatseka maso. Mayi wa pa byuro ankanamizira kuwerenga nyuzi, khutu lili kwa iye.

"Stewart amati tinyamuke mawa," Ida anapitiriza. "Ndakana. Ndamuuza kuti adzangotenga madisiki akayambe yekha, ine ndimupeza Lamulungu. Loweruka ndi lathu, sindingalisiye."

"Sabata yathunthu ku Zomba ndi Stewart?"

"Nsanje isiye, iwe. Ndikagona kwa azakhali. Ukudziwa, sabata ino aliyense wandikhumudwitsa. Atsibweni, amayi, ngakhale Stewart ndi pakamwa pake paja. Iwe wekha unabwera mwakachetechete, n'kukonza chinthu, osafuna kanthu. Unali kunena chiyani?"

"Ndimati... ndimati firiji ikuyenda bwino?"

"Ikuyenda. Atsibweni akungoitsegula ngati mwana."

Hawkins anaika foni pansi. Atatuluka, mnzake wina wogulitsa mawaya anamukuwira, "Akamwini a ku Chilomoni! Tiuzeni za ku Ulaya!" Hawkins anakhotera kanjira ka pakati pa mabenchi a tomato, ngati sanamve.

*

Lachisanu masana anafika ku Chilomoni wopanda bokosi, wopanda jekete lachikopa. Pakhomo panali mphika waukulu wobwereka ndi nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo, zodikira alendo a mawa. Ida anali kuchipinda akulongedza madisiki. A Nambewe anali kuseri pa mphasa, akusankha mpunga.

Hawkins ananjuta chapatali, monga ayenera mkamwini, n'kuwomba m'manja pang'ono.

"Amayi, mundikhululukire, ndikulankhula nanu ndekha popanda wondiperekeza. Simbi yanu ilibe mlandu. Lachitatu lija ndinatsitsa swichi yaikulu ndine, pokonza soketi. Ndinakhala chete inu mukulira. Ndilibe nkhope yoti ndikuonetseni."

A Nambewe sanasiye kusankha mpunga. Sanatembenukenso.

"Ndikudziwa, bambo."

"Amayi?"

"Ndinali apo, pa chingwe. Ndinakuonani mukutsegula bokosi. Bulauzi ija sindinaisite, ikadali m'sutikesi ndi makwinya ake."

Hawkins anakhala pansi, pa dothi penipeni. "Ndiye bwanji simunandiletse?"

"Pakamwa ndinatsegula." Anatola kamwala mumpunga n'kukataya. "Kenako ndinatseka. Bambo ake a Ida anapita ku migodi, sanabwerere. Mchimwene wake anapita kusukulu ku Amereka, timangoona zithunzi pa Khirisimasi. Ndatsala ndi mmodzi yekhayu. Ndinaona dzanja lanu likupita pa swichi, mumtima ndinati, mwina ndi mmene Mulungu wandiyankhira. Nditamva mwana wanga akulira m'chipindamo ndinazindikira kuti sanali Mulungu. Ndiye ndinasenza mlanduwo, poti unali wanga ndithu."

"Koma amayi, Ida ayenera kudziwa."

"Adziwe chiyani? Kuti mwamuna wake samva akamalankhula, ndipo mayi ake anamuchitira dala? Kuiwala amandikhululukira. Izi sangandikhululukire. Inu mukufuna mkazi, ine ndikufuna mwana. Khalani chete mpaka mawa lidutse."

Kumsewu kunalira hutala. Stewart anali atafika kudzatenga madisiki. Chitseko cha kuseri chinatseguka, Ida anatulukira atanyamula kabokosi m'manja, ndipo anaima ataona chibwenzi chake chitakhala pa dothi pafupi ndi mphasa ya amayi ake.

"Iii, mwayamba liti kucheza awiriwiri? Hawkins, buluku lako! Mukunong'onezana chiyani?"

A Nambewe anakweza maso, ndipo kwa nthawi yoyamba chidziwirane anamuyang'ana Hawkins kumaso. Anali maso opempha. Hawkins anaganiza za jekete la amalume ake, za nkhuku ziwiri zija, za Ndirande yense amene anamulengezera. Kenako anaimirira.

"Ida, kompyuta yako ndinazimitsa ndine. Ndinatsitsa swichi yaikulu. Unandiuza Lamulungu, koma sindinkamvera, ndinkaganiza zoti ndinene ine. Lachitatu ndinazindikira pomwepo, ndipo ndinakhala chete chifukwa ndinkaopa kusekedwa ndi Stewart."

Anathera pomwepo. Za a Nambewe sananene kanthu.

Ida sanakuwe. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene ankayang'anira manambala ake akakana kugwirizana.

"Unakhala pa sofa paja, amayi akulira."

"Eya."

"Dzulo pa foni ndikukuyamikira."

"Eya."

Hutala inaliranso. Ida anatembenukira ku mphasa pang'onopang'ono. "Nanga simbi ija? Amayi, ngati anazimitsa ndi awa, inu munavomera chiyani? Munali kuti pamene amatsitsa swichi?"

A Nambewe anayang'ana chingwe choyanikira zovala, kenako bokosi la mita limene linali moyang'anizana nacho. Ida anatsatira maso awo, ndipo nkhope yake inasintha.

"Ida, amayi alibe..." anayamba Hawkins.

"Inu khalani chete. Mumatha."

Ida analowa m'nyumba. Hawkins anamva chitseko cha wadirobu, anamva zipi. Ida atatulukanso anali ndi chikwama cha zovala paphewa, kuwonjezera pa kabokosi kaja. Hawkins anamutsatira mpaka pakhomo, pamene Stewart, ataona chikwamacho, anathamanga kukatsegula buti, chimwemwe chikumukanika kubisa.

"Ida, chonde. Ankhoswe ndiwauze chiyani?"

"Abwere. Nkhuku zagulidwa kale, ndipo Fanta ndi wozizira."

"Nanga iwe?"

Ida anaima dzanja lili pa chitseko cha galimoto. Maso ake anali atadzaza, koma mawu sananjenjemere.

"Mawa atsibweni adzandiitana pamaso pa anthu, adzakulozani, n'kundifunsa kuti, kodi munthu uyu ukumudziwa? Lachiwiri ndikanayankha osaganiza n'komwe. Lero sindikudziwa choti ndidzanene, ndipo sindikufuna kunama. M'nyumba muno onama akwana."

Analowa kutsogolo, n'kutseka chitseko. Galimoto inatsika msewu wa fumbi, n'kukhotera ku tauni.

Hawkins anatsala ataima pakati pa nkhuku ndi mphika wobwereka. Kumtunda kwa msewu anaona a Herbert akubwera, atasenza kireti ya zakumwa paphewa, akumwetulira. Aka kanali koyamba kuti amumwetulire.

"Akamwini!" anafuula akadali patali. "Tabwerani mundilandire, tikaike mufiriji mwanu muja. Kodi ndaona bwino? M'galimotomo munali Ida?"